Mtengo Umodzi, Zikwangwani Zitatu

Inu, tasenderani kuno. Mukamamva pa wailesi kuti mayiko akunja atumiza ndalama zoteteza chilengedwe, musamathamangire kuomba m'manja, muziyamba mwafunsa kuti mitengoyo ili kuti. Ndikutero chifukwa cha a Swaleh, a kumudzi wina kufupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja, amene anakhala wapampando wa komiti ya zachilengedwe zaka zambirimbiri ali ndi mtengo umodzi wokha.

Mpando umenewu a Swaleh ankaukonda, abale. Asanaupeze anali munthu wamba wogulitsa usipa wouma m'mbali mwa msewu, ndipo ndi ana omwe ankangowatchula dzina. Ataupeza, mudzi wonse unayamba kuti "a Tcheya, a Tcheya." Matisheti olembedwa kumsana anadzaza chingwe choyanikira. Misonkhano ku Salima, chipinda cha fani, nkhuku masana, kaalawansi m'thumba pobwerera. Ndi kumzikiti komwe, Lachisanu, anthu ankawasendera kuti akhale mzere wakutsogolo. Mukanawauza kuti asankhe pakati pa mpandowo ndi dzino, akanayasama okha n'kukulozerani loti muzule.

Za mtengo zinayamba chonchi. Bungwe loyamba, la Tsogolo Lobiriwira, linabwera ndi magalimoto aataliatali, matenti, zokuzira mawu ndi makireti a zakumwa. Zonsezo zinafika pa nthawi yake. Mbande zokha ndi zimene zinachedwa, chifukwa ndalama zake zinkadikira siginecha ya bwana amene anali kumsonkhano kunja, ndiye zinafika mvula itatha, chimanga chikuuma m'minda. Anabzalabe, poti wojambula zithunzi anali atafika kale. Dzuwa linatengapo gawo lake, mbuzi zinatengapo lawo, moto wa osaka mbewa n'kumalizitsa. Chimene chinapulumuka ndi chikwangwani chachitsulo chozikidwa ndi simenti, komanso kambande kamodzi ka mbawa kamene kanagwa pangolo n'kuiwalika kuseri kwa nyumba ya a Tcheya.

Chaka chotsatira kunabwera bungwe lina, la Mthunzi wa Mawa. Mwambo wa alendo otere mukuudziwa: mlendo wolemekezeka sachoka asanabzale mtengo. Amagwada pachitenje choyalidwa kuti bondo lisade, amamwetulira kamera, wina atamugwirira ndowa ya madzi. Koma tsiku limenelo mbande zinali zisanafike, mwa nthawi zonse. A Swaleh anathamangira kuseri kwa nyumba n'kubwera ndi kambawa kaja. Mlendoyo, mayi wa magalasi wotchedwa Benedicta, anakwirira bwinobwino, amayi n'kululutira, magalimoto n'kumapita. Fumbi lisanathe, mbuzi inali itaima kale pambali pa dzenje ikunyambita milomo.

A Swaleh anayang'ana mbuzi, anayang'ana mtengo.

"Chinthu chabwinobwino ngati ichi kudyetsa mbuzi?" anatero. "Nanga kukabwera alendo ena tidzawabzalitsa chiyani, chinangwa?"

Anazula kamtengoko mosamala, n'kukabwezera m'chubu mwake, n'kubwerera nako kunyumba.

Kuyambira pamenepo inasanduka ntchito. Mbawa umenewo unabzalidwa ndi bwana wa bungwe lachitatu, la Dziko Ndi Mitengo. Unabzalidwa ndi mkulu wina wa ku Lilongwe wovala suti kunja kukuwotcha. Unabzalidwa ndi ana asukulu pa tsiku lokumbukira chilengedwe, komanso ndi mzungu wina wamkazi amene anagwetsa misozi poukwirira. Aliyense ankapita kwawo ndi chithunzi, a Swaleh n'kupita kwawo ndi mtengo. Kumaofesi ankaonetsana zithunzizo, bungwe lililonse likunyadira nkhalango yake ya ku Bua, ndalama zina n'kubweranso zoti akaphunzitse anthu kusamalira nkhalangoyo. A Swaleh ankapita kukaphunzira, ndipo sankajomba.

Musati anali wakuba, ayi. Mbande zikafika mochedwa ankabzala ndi anzake a m'komiti, zikauma ankadandaula nawo. Kungoti munthuyu sankafuna kuona chinthu chikuwonongeka. Chitini cha penti sankataya, msomali wopindika ankauwongola, ndiye mtengo wamoyo akanausiya bwanji? Utakula anauchotsa m'chubu n'kuuika m'chitini, kenaka m'ndowa yobooka pansi. Pousunga pake panali m'bafa, chifukwa pakhomo ponsepo ndi pokhapo pamene panali chitseko cha lata chomanga ndi waya, choti mbuzi singatsegule.

Akazi awo, a Rahila, zimenezi sizinkawasangalatsa.

"Bambo a Ummy, mkazi wachiwiri ndinkadziwa kuti tsiku lina mudzabwera naye. Koma wamasamba? Munthu ndizisamba chopendekera chifukwa cha mtengo?"

"Mayi a Ummy, umenewu si mtengo wamba. Umenewu ndi ofesi."

Kenaka alendo anasiya kubwera. Ankati ndalama zavuta kumayiko kumene zimachokera. Mvula inabwera n'kupita, inabweranso n'kupitanso, mbawa uli phee m'bafa, ukumwa madzi osamba a banja lonse ndi otawazira a Tcheya popita kukaswali kumzikiti. Unatalika mpaka kupitirira mpanda wa udzu, masamba ali biriwiri.

Ndiye m'mawa wina wa mu Okutobala, dzuwa loti ndi nkhuku zomwe zimayenda kukamwa kuli yasa, foni inalira. Anali a Fidelis, mlangizi wa pulojekiti.

"A Tcheya, konzekani. Tikubwera masana ano, mabungwe onse atatu, ndi bwana wochokera kudziko limene limapereka ndalama."

"Alhamdulillah! Dzenje tikumbe pati?"

"Ayi, sakubwera kudzabzala. Akubwera kudzaona zimene anabzala. Akuti kwawoko anthu akufunsa ngati ndalama zawo zinamera. Komiti imene ilibe choonetsa akuithetsa pompo, n'kusankha anthu ena."

A Swaleh anatsitsa foni. Anadziona atakhalanso pamsewu paja ndi lichero la usipa, akuingitsa ntchentche, ana akuti "Swaleh, mulu bwanji?" Mantha anawagwira zenizeni. Anathamangira kwa a Dyton, mlembi wa komiti, bambo wa mimba yake amene ankapalasa njinga ya kabaza akafuna.

"A Mlembi, nzeru ilipo. Zikwangwani za mabungwe atatuwa zatalikirana. Tikaika mbawa pa choyamba. Akauona, ine ndiwayendetsa njira yaitali ya m'mbali mwa mtsinje, inu n'kuukweza panjinga, kudutsa m'chinangwa, kukauika pa chachiwiri. Chimodzimodzi chachitatu."

"Nanga akazindikira kuti ndi womwewo?"

"Inu munaonapo mlendo wodziwa nkhope ya mtengo?"

"Nanga akafunsa inayo? Paja pazikwangwani analemba kuti nkhalango."

"Tikati inayo ili kutsidya, ndipo bwato labooka. Tiyeni!"

Analowa m'bafa awiriwiri. A Swaleh anagwira ndowa kuti anyamule, ndowa osasuntha. Anagwira a Dyton, ndowa osasuntha. Atasuzumira pansi anapeza mizu yatulukira pobooka paja, yalowa m'nthaka, yakhazikika ngati kwawo.

"Kokani, a Mlembi! Kudya konse kuja kumapita kuti?"

A Dyton analavulira m'manja, anakunga, anakoka ndi mphamvu zawo zonse. Chimene chinazuka ndi chogwirira cha ndowa. Bambo uja anatuluka pachitseko chafutambuyo, chogwirira chili m'manja, mpaka khu! m'chithaphwi mmene abakha amasewera. Abakha anabalalika akudandaula. A Dyton anadzuka matope mpaka m'makutu n'kunena kuti ntchito imeneyi ndi ya khasu, osati ya munthu.

Khasu linali kudimba. Mmene ankabwera nalo, anapeza chitseko cha bafa chatsekedwa, chitenje chakolekedwa pampanda, nthunzi ikufuka, mkati wina akung'ung'udza kanyimbo.

Anali apongozi awo, mayi a Rahila. Anali atabwera kuchokera ku Benga sabata imeneyo kudzathandizidwa miyendo yotupa, ndipo kusamba kwawo kunali kwa madzi otentha a masamba, mwendo uliwonse kuuthowa pawokha, mosathamanga. Tsono inu mukudziwa za mkamwini ndi apongozi aakazi. Mukakumana panjira mumapatukira kutchire. Polankhulana mumayang'ana kumbali. Nanga ali m'bafa? Kumeneko ndi maso omwe sapitako.

A Swaleh anaima patali, khasu lili paphewa, thukuta kamukamu.

"Mayi a Ummy," ananong'ona, "kawauzeni amayi afulumireko pang'ono."

"Angolowa kumene. Ndi mwendo woyamba womwe sanauyambe."

"Mpando ukupita, mayi a Ummy!"

"Kagogodeni nokha. Chitseko si icho?"

"Astaghfirullah! Ine?"

"Ndiye dikirani," anatero a Rahila, n'kupitiriza kupeta mpunga wawo.

Atasowa chochita, a Tcheya anatembenukira kwa abakha aja, amene anali atabwerera m'chithaphwi, n'kuwalankhula mokweza.

"Abakha inu, madzi sachedwamo chonchi! Kukubwera alendo lero!"

Kanyimbo kanaleka. Mawu anatuluka m'bafa, nawonso olunjika kwa abakha.

"Abakha inu, musawamvere. Sambani mpaka muyere."

Nthawi inali kutha. Apa ndi pamene wapampando wa komiti yoteteza chilengedwe anakwera mumtengo wa mango wa m'mbali mwa njira, chikwanje chili m'chiuno, atavala tisheti yolembedwa kuti "Osadula Mitengo." Anagwetsa nthambi zitatu zowongoka bwino. Chimene sanaone ndi chisa cha nyerere zofiira zija zimamata masamba a mango, zimene zinawalowa m'khosi n'kugawana malo mwakachetechete. A Dyton anathamanga ndi nthambizo panjinga, kukazika imodzi patsogolo pa chikwangwani chilichonse, n'kuthirapo timadzi kuti zioneke zosamalidwa.

Magalimoto anafika. Anatsika a Fidelis, anatsika mabwana a mabungwe, anatsika mzungu wamtali wofiira ndi dzuwa atanyamula tepi yoyezera. Pomaliza anatsika mayi wa magalasi uja, a Benedicta. A Swaleh atawaona anayang'ana kumbali, chifukwa pa alendo onse amene anabzalapo mtengo uja, awa okha ndi amene anafunsa dzina lake.

Anasonkhana pa chikwangwani cha Mthunzi wa Mawa, a Tcheya n'kuyamba mawu olandira alendo.

"Alendo athu olemekezeka, ife anthu a kuno mitengo timaikonda..."

Pamenepo nyerere yoyamba inaluma kumsana. A Tcheya anadumpha.

"Timaikonda kwambiri!"

Yachiwiri inaluma m'khwapa. Anadzimenya pachifuwa, phaa!

"Ndi mtima wonse!"

Zitayamba za m'chiuno mawu anatha, kunangotsala kupondaponda ndi kugwedeza mapewa. Mzungu anafunsa a Fidelis kuti chikuchitika n'chiyani. A Fidelis, osaphethira n'komwe, anamuuza kuti ndi mmene anthu a kunyanja amalandirira alendo. Mzungu anaomba m'manja n'kuyamba kujambula.

A Benedicta okha sanaombe. Anali atawerama pa nthambi ija, magalasi ali pamphuno.

"A Tcheya, ine pano ndinabzala mbawa."

"Ndi umenewu, mayi. Wakula, eti?"

"Wabereka mango?"

Inu, a Dyton pozika paja sanaone kuti kunsi kwa masamba kukulendewera timango tatiwisi. A Swaleh anatiyang'ana timangoto nthawi yaitali, akudzikanda.

"Ndi kusintha kwa nyengo kumeneku, mayi. Anatiphunzitsa ku Salima kuti tiziona zachilendo."

Mwina akanalimbikira pamenepo mpaka alendo atatopa, poti pakamwa a Swaleh sankagonja. Koma kunatulukira mbuzi, inaluma tsamba n'kukoka, mtengo wonse n'kuitsatira. Inadutsa pakati pa alendo ikukhwekhwereza nkhalango ya pulojekiti, kunsi kwake kukuoneka poyera podulidwa ndi chikwanje m'mawa womwewo.

A Benedicta anavula magalasi. Sanakalipe, ndipo n'chimene chinawawa kwambiri.

"A Fidelis, pano palibe chimene chinamera. Itanani mudzi, asankhe komiti ina lero lomwe."

A Swaleh anagwidwa ndi chisoni ndi manyazi pamodzi, misozi ili pafupi. Zaka zonsezi akunyamula mtengo uja ngati khanda, akuutchinjiriza ku mbuzi, akukangana ndi mkazi chifukwa cha iwo, lero auzidwe pagulu kuti palibe chimene chinamera? Ndi nyerere zomwe anaziiwala.

"Mayi, mbawa wanu ulipo! Uli moyo, wanenepa. Tinausamutsira kumalo otetezeka."

"Kuti?"

"Kumalo... a chinyezi."

"Tiyeni tikauone."

Ananyamuka mzere, a Tcheya patsogolo, alendo pakati, mudzi wonse pambuyo, poti zaulere zoterezi palibe amene amafuna kungozimva kwa anzake. Atafika pakhomo, a Swaleh anaima patali ndi bafa, analifulatira, n'kuloza ndi chala chodutsa paphewa.

"Ndi uwo."

Alendo anakweza maso. Pamwamba pa mpanda wa udzu panali mbawa wobiriwira, masamba onyezimira, mtengo woti pa ulendo wawo wonse anali asanauone. Pansi pake nthunzi inali kufukabe.

"Wathu umenewu!" anatero bwana wa Tsogolo Lobiriwira. "Mbande zoyamba tinabweretsa ndife."

"Pepani," anatero a Benedicta, "ndinaubzala ndine, ndi manja angawa."

"Nanga ife?" analowerera wa Dziko Ndi Mitengo. "Bwana wathu anaubzala pamaso pa anthu!"

Onse anatembenukira kwa a Dyton, poti mlembi ndiye ayenera kudziwa.

"Musakangane, mabwana," anatero a Dyton, matope akuuma kumaso. "Ndi wa nonse. Palibe amene sanaubzalepo."

Atamumasulira, mzungu anafunsa kuti kuusamalira mpaka kufika pamenepa kwadya ndalama zochuluka bwanji. A Rahila anayankha ali pakhonde, lichero lili m'manja.

"Madzi osamba basi, bambo. Ndi kupirira kwanga."

Mzungu anagwedeza mutu. Anati m'mayiko onse amene wayendamo sanaone mtengo wotchipa chonchi, kapena wodula chonchi, zikungotengera kuti munthu akuwerengera kuyambira pati. Kenaka anasolola tepi yake n'kulunjika pachitseko cha bafa kuti akayeze thunthu.

Mudzi wonse unakuwa kamodzi.

"Ayiii!"

Amayi anagwira kumutu. A Fidelis anamukoka malaya. Mkati muja munamveka mawu a apongozi, odekha, koma ofika mpaka kumsewu.

"Rahila! Tawafunsa amuna akowo. Ine ndinabwera kudzathowa miyendo, iwo andiitanira msonkhano wa mayiko?"

A Swaleh sanadikire kuti afunsidwe. Analiyatsa liwiro kulowa m'munda wa chinangwa, n'kukhala pansi mmenemo atagwira makutu. Choncho zonse zimene zinagwirizanidwa pakhomo pawo tsiku limenelo zinagwirizanidwa iwo kulibe.

Magalimoto atapita, a Dyton anawalondola.

"A Tcheya, tulukani. Mpando mwausunga."

"Mukunena zoona?"

"Akuti komiti yathu yokha ndi imene ili ndi mtengo wamoyo. Akuti mukhalabe pampando malinga mtengowo uli moyo. Ukangouma, inunso mwauma."

"Alhamdulillah! Umenewo ndiye sungaume."

"Koma akutinso malo amenewa tsopano ndi otetezedwa."

Tanthauzo lake analimvetsa posachedwa. Kunabwera lole. Zikwangwani zitatu zija anazizula kumtsinje n'kuzizika mozungulira bafa. Anamanga mpanda wa waya wautali kuposa munthu, geti lake ndi loko, kiyi n'kupita naye kuofesi. Kunabwera katswiri kuchokera ku Lilongwe, anagona kuhotela mpaka atapuma mokwanira, n'kugamula kuti sopo amawononga mizu, choncho kusamba m'menemo n'koletsedwa. M'malo mwake anagula thanki lalikulu la pulasitiki loti lizithirira mtengowo mwamakono. Thankilo analitsegulira ndi mwambo, matenti, zokuzira mawu, matisheti atsopano. Mapaipi ake anati abwera.

Mbawa uja, umene unakula osadziwa ludzu, unayamba kuchita chikasu. Tsamba loyamba litagwa, a Swaleh analitola. Anapempha akazi awo kuti azitunga madzi owonjezera pamjigo. A Rahila analumbira kuti mtengo sautungira, akautungire amene anajambulitsa nawo. Nawonso a Tcheya kukaima pamzere wa pamjigo pakati pa amayi, ndi tisheti ya pulojekiti, anaona kuti n'kutsitsa mpando. Ndiye anakhazikitsa lamulo pakhomo. Banja lonse tsopano limasamba chopempha kubafa kwa a neba, kutsidya kwa msewu, ndipo aliyense amasamba ataima m'beseni kuti dontho lisatayike.

Mukadutsa kumeneko m'mawa mudzawaona a Tcheya. Beseni pamutu, thovu likuyenderera m'khosi, akuwoloka msewu pang'onopang'ono, ulendo wokakhuthula pa waya. Tsiku lina a Dyton anawapeza pakati pa msewu pomwepo n'kuimika njinga.

"A Tcheya! Mpando ukukoma?"

A Swaleh anafuna kukweza mapewa, koma anakumbukira beseni.

"Ulipo, a Mlembi, ulipo. Koma tapatukani msanga, angakudonthereni. Madzi awa ndi a apongozi."